Mneni wa Chingerezi "upend": kuzondotsa chinthu si kuchifafaniza, ndipo si kuchisokoneza chabe

Aliyense amene ankawerenga nyuzipepala za m'Chingerezi m'chaka cha 2020 anakumana ndi mawu ena aafupi, a zilembo zisanu zokha, amene ankangobwerabwera pamitu ya nkhani ngati kuti alembi onse anachita kupangana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Malichi chaka chimenecho kuti COVID-19 yasanduka mliri wa dziko lonse, sukulu zinatsekedwa, ndege zinaima, ndipo mpikisano wa Olympic umene unayenera kuchitikira ku Tokyo unasunthidwira m'chaka cha 2021. Pofuna kunena zonsezi mwachidule, atolankhani a ku London ndi ku New York ankalemba kuti mliriwo "has upended" moyo wa anthu, maphunziro a ana, malonda ndi maulendo. Mneni ameneyu ndi "upend". Ambiri mwa ife sitinakumane naye m'kalasi, ndipo tikafufuza m'dikishonale timapeza kuti amafanana ndi "overturn" komanso "disrupt", kotero timangoganiza kuti aneni atatuwa ndi amodzi, tingathe kuchotsa wina n'kuikapo mnzake popanda chotayika. Apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa atatuwa amayandikana koma aliyense ali ndi munda wake.

Poyambira pabwino ndi pa kapangidwe ka mawuwo. "Upend" ndi mawu awiri olumikizidwa, "up" ndi "end", ndipo tanthauzo lake loyambirira, limene linayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi cha m'ma 1820, linali kuimika chinthu kotero kuti mbali yake ya kumapeto iloze kumwamba. Chifukwa cha ichi, powatchula mawuwa timawagawa kuti "up" kenaka "end", mphamvu ya liwu n'kugwera pa phatikizo lachiwirilo. Ndamvapo anthu ophunzira bwino akuwagawa ngati kuti tsinde lake ndi "pend", powayerekeza ndi "depend", "suspend" kapena "append". Amenewo ndi a banja lina, lochokera ku mneni wa Chilatini wonena za kulendewera, ndipo "upend" sali nawo pachibale n'komwe. Kulakwitsa kumeneku kumaoneka kochepa, koma "append" ndi kuwonjezera chinthu kumapeto kwa chinzake, monga kumata kalata ya umboni kumbuyo kwa fomu, pamene "upend" ndi kuchitembenuza chinthucho mutu pansi. Munthu amene wasokoneza awiriwa pakamwa akhoza kumveka ngati akulonjeza kugubuduza chikalata chimene amangofuna kuwonjezerapo tsamba.

M'Chichewa tili nawo mneni amene amagwira chithunzi chimenechi ndendende, ndiye kuzondotsa. Taganizani za mayi amene wafika pamjigo m'mawa, wapeza mzere wa ndowa ndi wautali ndipo madzi akutuluka pang'onopang'ono. Amatenga ndowa yake yopanda kanthu, n'kuizondotsa, kukamwa kwake pansi, n'kukhalapo pamene akudikira. Mzungu angati mayiyo wakhala pa "an upended bucket". Chimodzimodzi mnyamata wa pagolosale amene wazondotsa kreti ya mabotolo kuti ikhale mpando, ndi munthu wa pachigayo amene wanyamula thumba la mphale, n'kugwira kunsi kwake, kukamwa kuloza m'chitini, mpaka njere yomaliza yagwa. Chitsanzo cha thumbachi ndiye chofunika kwambiri kwa ine, chifukwa chimasonyeza zinthu ziwiri zimene zili mumtima mwa mneniyu. Choyamba, chimene chinali pamwamba chapita pansi. Chachiwiri, zimene zinali m'kati zakhuthuka, ndipo ngakhale mutalibweza thumbalo kuti liime monga kale, siliri thumba lomwe lija, pakuti tsopano ndi lopanda kanthu.

Matanthauzo onse ophiphiritsa a "upend" amachokera pa chithunzi chimenechi. Mlembi akanena kuti matenda "upended her life", sakunena kuti mayiyo anavutika kwa masiku angapo kenaka zonse n'kubwerera m'chimake. Akunena kuti dongosolo la moyo wake linazondoka: amene ankasamalira ena tsopano akusamaliridwa, ntchito imene inali patsogolo yapita kumbuyo, ndalama zimene anasungira fizi zathera kuchipatala. N'chifukwa chake pamtherankhani wa mneniyu kawirikawiri amakhala chinthu chimene chili ndi dongosolo kapena chimene anthu anachizolowera, monga moyo, mapulani, chikhalidwe, msika, mpikisano wa ndale, kapenanso zimene akatswiri ankakhulupirira pa nkhani inayake. Mwininkhani wake angathe kukhala munthu, koma nthawi zambiri amakhala chochitika: nkhondo, mliri, chigamulo cha khoti, luso latsopano, imfa ya mtsogoleri.

Pa za malamulo a chiyankhulo palibe zovuta zambiri. Mneniyu amatsata njira yodziwika, "upends", "upended", "upending", ndipo nthawi zambiri ndi woyambukira, kutanthauza kuti amafuna pamtherankhani. Safuna kuthandizidwa ndi "over" kapena "down", ndipo kulemba kuti "upended upside down" n'kunena chinthu chimodzi kawiri. Pali malo ochepa pamene amakhala wosayambukira. Amene amaonerera mbalame amagwiritsa ntchito mneniyu ponena za abakha ndi zinsansa zimene zimamiza mutu m'madzi, chipsepse n'kuloza kumwamba, pofuna kudya zomera za pansi pa dziwe. Aliyense amene anakulira pafupi ndi dambo anaziona zimenezi, bakha atazondoka, miyendo ikupalasa pamwamba pa madzi. Chombo chimene chikumira, kutsogolo kutalowa m'madzi kumbuyo kutatukuka, nachonso amati "upended", ndipo zimenezi zimasiyana ndi "capsized", mawu amene amanena za bwato limene lagubuduka cham'mbali n'kuonetsa mimba. Chimodzi chimene "upend" alibe ndi dzina lozolowereka lochokera kwa iye. Anthu salemba "upendment". Amalemba "the upending of", kapena amabwereka dzina lina la tsinde losiyana, "upheaval", limene limanena za chipwirikiti chachikulu.

Tsopano tibwere pa "overturn", amene ndi wamkulu kwa onse pa zaka, pakuti wakhala m'Chingerezi kuyambira cha m'ma 1200. Pa zinthu zogwirika, iye ndi "upend" amalowanadi m'malo nthawi zina: tebulo lingathe kukhala "overturned" kapena "upended" pa ndewu ya m'bala. Galimoto yochita ngozi amakonda kuinena kuti "overturned", kumene ife timati yagubuduka kapena yagadabuka. Koma pa matanthauzo ophiphiritsa njira zawo zimapatukana kwambiri. "Overturn" anasanduka mawu a m'khoti ndi a m'maofesi, ndipo amatanthauza kuti amene ali ndi mphamvu mwalamulo wafafaniza chigamulo chimene chinaperekedwa kale. Pamtherankhani wake amakhala chigamulo, chilango, chiletso, lamulo kapena zotsatira za chisankho, ndipo mwininkhani wake ayenera kukhala ndi udindo wochita zimenezo. Khoti lalikulu la ku United States pa 24 Juni 2022 linafafaniza chigamulo cha mlandu wa Roe v. Wade, wokhudza ufulu wochotsa mimba, chimene linapereka mu 1973, ndipo mneni amene nyuzipepala zinagwiritsa ntchito anali "overturned". Mawu otsutsana naye m'khoti ndi "uphold", kutanthauza kuvomereza kuti chigamulo choyamba chija chikhalebe.

Ife a ku Malawi tili ndi chitsanzo chathu chimene chimasiyanitsa aneni awiriwa bwino kuposa buku lililonse la galamala. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko, motsogozedwa ndi Healey Potani, anagamula kuti chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 sichinayende bwino, mwa zina chifukwa cha mapepala a zotsatira amene anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo analamula kuti pachitike chisankho china pasanathe masiku 150. Chimene khotilo linachita pa zotsatirazo ndi "overturn", kapena "annul", kapena "nullify", onsewa ndi mawu a lamulo onena za kufafaniza. Mu Meyi chaka chomwecho khoti la Supreme linamva apilo ndipo linavomereza chigamulocho, kumene kuli "uphold". Koma m'chigamulo chomwecho munalinso mfundo yakuti wopambana pa chisankho cha pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse, pamene kuyambira mu 1994 dziko linazolowera kuti wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale atapeza gawo limodzi mwa magawo atatu. Mfundo imeneyi inasintha masamu a zipani zonse. Chipani chodalira chigawo chimodzi sichikanathanso kuyenda chokha, migwirizano inakhala yosapeweka, ndipo pa chisankho cha pa 23 Juni 2020 Lazarus Chakwera, amene ananenedwa kuti wagonja chaka chapitacho, anapambana Peter Mutharika. Chimene chigamulocho chinachita pa ndale za dziko ndi "upend".

Choncho chiganizo cholongosoka chingakhale chakuti "The court overturned the result, and the ruling upended Malawian politics." Mutasinthanitsa aneniwo, chiganizo chimapunduka. Kunena kuti khoti "upended the result" kumamveka ngati oweruza anangoyambitsa chipwirikiti, osati kuti anagamula mwalamulo, ndipo kunena kuti chigamulo "overturned politics" kumamveka ngati ndale ndi chikalata chimene munthu angachidinde chidindo chochithetsa. Ndimaona kuti kusiyana kumeneku si nkhani ya kukongoletsa chilembo chabe. Mtolankhani amene walemba "upended" pamene amayenera kulemba "overturned" wachotsa ulamuliro wa lamulo m'chiganizo chake, ndipo owerenga a kunja angaganize kuti zinthu zinachitika mwachisawawa, pamene zinadutsa m'khoti kwa miyezi yambiri, mboni zikufunsidwa, anthu akumvetsera pawailesi.

"Disrupt" ndi wa mtundu wina. Amachokera ku Chilatini, ku mneni wonena za kuthyola kapena kuphwanya, ndipo abale ake ndi "interrupt", "erupt" ndi "rupture". Chithunzi chake si cha chinthu chozondoka, koma cha chinthu chimene chimayenda ndipo chadulidwa panjira. Magetsi akazima chigayo chili pakati pogaya, ntchito yadodometsedwa, ndipo amenewo ndi "disrupt". Ana aphokoso akalepheretsa mphunzitsi kupitiriza phunziro, mvula ikabalalitsa anthu pa tsiku la msika, sitiraka ikaimitsa mabasi, zonsezi ndi "disrupt". Kumbuyo kwa mneniyu kumakhala chiyembekezo chakuti chododometsacho chikachoka, zinthu zipitirira pamene zinalekezera. Magetsi ayaka, chigayo chilira, mphale igayidwa.

Namondwe wa Freddy amene anagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 anachita zonse ziwiri, kudodometsa ndi kuzondotsa, ndipo n'kofunika kuti olemba asaziphatikize. Misewu inaduka, magetsi ndi madzi zinasowa kwa masiku, sukulu zinatsekedwa, ndipo pa zimenezi "disrupted" ndi mneni woyenera, pakuti patapita nthawi milatho ina inakonzedwa ndipo ana anabwerera m'kalasi. Koma banja la ku Chilobwe limene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba yake usiku, ena mwa abale n'kutsala pansi pa dothi, silinadodometsedwe chabe. Kulemba kuti moyo wa banja limenelo unali "disrupted" n'kuchepetsa tsoka lawo, ngati kuti ankangodikira kuti magetsi ayake. Pamenepo "upended" amayandikira chilungamo, ngakhale kuti nayenso sakwanira kunyamula kulemera kwa imfa, ndipo mlembi wosamala amasiya mawu ophiphiritsa n'kunena mwachindunji chimene chinachitika.

Pali chinthu china chimene chinachitikira "disrupt" chomwe chimasokoneza owerenga ambiri. Kwa zaka mazana mawuwa ankanena za chinthu choipa, koma lero mumamva achinyamata a bizinesi akudzitama kuti akufuna kuchita "disrupt" malonda a mabanki kapena a zaulimi. Gwero lake ndi mphunzitsi wa pa Harvard Business School, Clayton Christensen, amene mu 1995 analemba nkhani pamodzi ndi Joseph Bower, ndipo mu 1997 anatulutsa buku la The Innovator's Dilemma. Iye ankafotokoza za njira imodzi yapadera: kampani yaing'ono imayamba ndi katundu wotchipa, wooneka wonyozeka, wogulidwa ndi anthu amene makampani akuluakulu sawalabadira, kenaka katunduyo amapita patsogolo mpaka kulanda msika wonse. Zitsanzo zake zinali za makampani opanga madisiki a kompyuta ndi mafakitale ang'onoang'ono osungunula zitsulo. Mawuwo anatchuka mopitirira muyezo, mpaka mu 2015 Christensen mwiniwake analemba kuti Uber, kampani ya magalimoto onyamula anthu oitanidwa pa foni, imene ambiri ankaitcha chitsanzo cha "disruption", sikugwirizana ndi chiphunzitso chake. Chimene chili chofunika kwa ife n'chakuti "disrupt" tsopano ali ndi nkhope ziwiri, yoipa m'kalasi ndi pamsewu, yabwino m'misonkhano ya amalonda, pamene "upend" sanapatsidwe ulemu wotero. Iye sayamikira ndipo sadzudzula. Amangonena kuti chinthu chazondoka. Kamera ya digito, imene injiniya wa Kodak, Steven Sasson, anapanga mu 1975, inadzazondotsa malonda a mafilimu ojambulira mpaka kampani yomweyo ya Kodak inapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole mu 2012. Kwa wogula kamera imeneyo inali nkhani yabwino, kwa wogwira ntchito kufakitale ya Kodak mumzinda wa Rochester ku America inali tsoka, ndipo "upended" amakwanira mbali zonse ziwiri.

Chifukwa cha kusayamikira kumeneku, mneniyu ndi woopsa m'kalata yofunsira ntchito. Mwana wa mlongo wanga anandipatsa kalata yake kuti ndiione asanaitumize, ndipo pofotokoza zimene anachita pa ofesi ina pamene ankaphunzira ntchito, analemba kuti "I upended the filing system." Nditamufunsa chimene ankatanthauza, anandifotokozera mosangalala kuti anapeza mafayilo ali mbwee m'makatoni, iye n'kuwasanja motsata zaka ndi mayina, n'kulemba kaundula pakompyuta. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, ntchito unagwira ndi yabwino, koma chiganizo chako chikunena kuti unakhuthulira mafayilo a eni ake pansi." Iye anali atamva mawuwo pa nkhani za pa intaneti zonena za makampani otchuka, n'kuganiza kuti ndi mawu apamwamba onena za kusintha zinthu. Tinaikapo "reorganised", amene ndi mawu wamba koma onena zoona. Munthu amene wakonza chinthu ali ndi aneni ake, monga "improved", "reformed" ndi "overhauled", ndipo "upend" sanena kalikonse za chimene chinamangidwa pambuyo pa kuzondotsako.

Bwalo la mpira ndi malo amodzi pamene aneni onse atatu angakumane m'mphindi zisanu, aliyense pa ntchito yake. Womwetsa zigoli akuthamanga ndi mpira m'bokosi, wotseka kumbuyo n'kumutchera mwendo, iye n'kugwa chadodolido. Wolengeza wa ku Britain amati wosewerayo "was upended in the box", ndipo apa mneniyu wabwerera ku tanthauzo lake logwirika, la munthu amene miyendo yake yapita m'mwamba. Woimbira mpira amaloza penate, koma a VAR, njira yoonera kanema imene inayamba kugwiritsidwa ntchito pa World Cup mu 2018 ku Russia, amamuitana kuti akaonenso, ndipo chigamulo chija chimafafanizidwa, "the decision was overturned". Ochemerera okwiya amaponya mabotolo m'bwalo, masewero n'kuima kwa kanthawi, "play was disrupted". Ku America kuli kagwiritsidwe kena kowonjezera: olemba zamasewero kumeneko amati timu "upended" inzake pamene yaigonjetsa, makamaka ngati yopambanayo ndi imene anthu ankaiderera. Zambia itagonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba pa mapenate 8 kwa 7 mu ndime yomaliza ya Africa Cup of Nations ku Libreville pa 12 Febuluwale 2012, mlembi wa ku America akanatha kulemba kuti "Zambia upends Ivory Coast", pamene wa ku London akanasankha "stun" kapena "shock".

Tanthauzo la zamaseweroli limayandikizitsa "upend" ndi "upset", mawu amene mbiri yake ndi yodabwitsa, chifukwa kalekale ankatanthauza kuimika chinthu, ndipo anadzayamba kutanthauza kuchigwetsa cha m'ma 1800. Lero "upset" amanena kwambiri za kukhumudwitsa munthu kapena za kupambana kosayembekezereka. Palinso "overthrow" ndi "topple" amene amanena za kugwetsa boma kapena wolamulira, ndi "subvert" amene amanena za kufooketsa chinthu mobisa, ngati chiswe chimene chimadya mzati m'kati kunja ukuoneka wabwinobwino. "Upend" sabisa. Chozondoka aliyense amachiona.

Funso limene limatsala n'lakuti n'chifukwa chiyani mneni amene kale ankanena za migolo ndi ndowa wadzaza chonchi m'nyuzipepala. Mbali ina ya yankho ndi malo. Mutu wa nkhani uli ndi mpata wochepa, ndipo "upend" ali ndi zilembo zisanu pamene "overturn" ali ndi zisanu ndi zitatu, ndipo "turn upside down" ndi mawu atatu athunthu. Akonzi a nkhani amakonda aneni aafupi ochititsa chidwi, ndipo amawalemba m'nthawi yatsopano ngakhale chinthucho chachitika kale, kotero "Ruling upends race" amatanthauza kuti chigamulo chazondotsa kale mpikisano. Mbali ina ya yankho, ndipo iyi ndi imene imandidetsa nkhawa, n'njakuti mneniyu amalonjeza zazikulu popanda kukakamiza mlembi kunena kuti chasintha n'chiyani kwenikweni. Akanena kuti lamulo latsopano "could upend the industry", wowerenga amagwidwa mtima, koma sanauzidwe kuti ndani ataye ndalama, ndani apindule, ndipo zichitika liti. Mawu akagwiritsidwa ntchito pa kanthu kalikonse amafwifwa ngati chitenje chochapidwachapidwa, ndipo ndaonapo kusintha kwa ndandanda ya mabasi kukunenedwa ndi mneni yemweyo amene ananena za mliri. Musanamulembe, dzifunseni ngati chimene chinali pamwamba chapitadi pansi, ndiponso ngati pali chimene chakhuthuka chomwe sichingabwererenso. Ngati yankho lili ayi pa zonse ziwiri, "affect", "change" kapena "delay" akwanira.

Kwa amene amamasulira nkhani kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, pawailesi kapena m'nyuzipepala, vuto limabwera cha kumbali inayo. Tili ndi chizolowezi chothamangira ku mneni mmodzi, kusokoneza, pa chilichonse. Mvula yasokoneza msonkhano, matenda asokoneza chuma, khoti lasokoneza chisankho. Chiganizo chomalizachi n'cholakwika ndithu, chifukwa khoti limene lagamula mwalamulo silinasokoneze kanthu, lafafaniza kapena lathetsa. Kusokoneza ndi kudodometsa zikhale za "disrupt". Kufafaniza, kuthetsa ndi kusintha chigamulo zikhale za "overturn" wa m'khoti, pamene kugubuduza ndi kugadabuza zikhale za "overturn" wa galimoto ndi tebulo. Pa "upend" chiyankhulo chathu n'cholemera kuposa momwe timachigwiritsira ntchito: tili ndi kuzondotsa, kutembenuza, kukhuthula, kusiya zinthu chadodolido, ndipo ngati chithunzi chikulemera kwambiri pa chiganizocho tingathe kungoti zinthu zasinthiratu. Agogo a kumudzi atamva kuti mliri wazondotsa moyo wa anthu angaone ndowa ija m'maganizo mwawo nthawi yomweyo, popanda wina kuwafotokozera.

Pali malo amodzi pamene Chichewa chimamukakamiza womasulira kuganiza mozama kuposa mlembi wa Chingerezi. Olemba nkhani amakonda kuika mneniyu mu msintho wochitidwa, "lives were upended", "budgets have been upended", popanda kutchula wochita. Chiganizo chotere chimamveka ngati chikunena za mphepo kapena chivomerezi, chinthu chimene palibe anachifuna. Ife tili ndi aneni awiri osiyana pamenepa. Tikati ndowa yazondoka, sitikuloza munthu aliyense, mwina ndi mphepo, mwina yangogwa yokha. Tikati ndowa yazondotsedwa, tikunena kuti pali dzanja limene linaigwira, ngakhale sitinatchule mwini dzanjalo. Chingerezi cha "was upended" chimabisa kusiyana kumeneku, ndipo womasulira sangathe kulemba chiganizo chake asanasankhe mbali.

Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo m'masiku otsatira mitengo ya mafuta, feteleza ndi katundu wa m'sitolo inakwera. Mayi amene anawerengetsera kuti malipiro ake akwanira lendi, fizi ndi matumba awiri a feteleza anapeza kuti masamu ake onse aima mutu pansi. Nkhani ya m'Chingerezi ikanatha kunena kuti "household budgets were upended overnight", ndipo chiganizocho chikanakhala choona. Koma womasulira akafika pamenepa ayenera kuima ndi kufunsa. Pa namondwe wa Freddy angathe kulemba kuti moyo wa anthu unazondoka, pakuti palibe munthu amene analamula mvula. Pa kwacha, panali msonkhano, panali anthu amene anakhala pansi n'kuwerengera, ndipo Reserve Bank of Malawi inatulutsa chikalata cholengeza mtengo watsopano. Kaya chigamulocho chinali choyenera kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya akatswiri a zachuma, koma chinali chigamulo cha anthu, choncho bajeti ya mayi uja sinazondoke yokha, inazondotsedwa, ndipo chiganizo cha Chichewa chiyenera kupitiriza mpaka chitchule amene anaizondotsa.